Zigoba zimene Yohane anatola ku Manyame

Gulu: Achibale a ku Harare

Yohane: Moni nonse akuluakulu, pepani kusokoneza. Dzulo tinapita kokawedza ndi amalume mumtsinje wa Manyame, kumunsi kwa damu la Darwendale. Madzi aphwa kwambiri ndi dzuwa la Okutobala uno, moti pamene tinkaponya mbedza mu Epulo pano ndi matope okhaokha, ang'alukang'aluka. Ndiye taonani zithunzi za zomwe ndatola. Zigoba zopanda kanthu zinali mbwee m'mphepete monse, koma zitatu izi n'zamoyo, zili m'ndowa pakhomo pano. Yaikuluyo ikudzaza chikhato changa. Kunja n'kwakuda ngati mphika wa pamoto, koma m'kati mwa zakufazo mukunyezimira mofiirira. Amalume akuti ndi nyambo ya mlamba basi, sakufuna kumva zambiri. Ndani akuzidziwa bwino?

Mayi Nambewe: Mwanawe, kataye zimenezo msanga! Nkhono za m'madzi si zija zimabweretsa likodzo? Ndipo uli ndi ana ang'onoang'ono pakhomopo. Ine mng'ono wanga anakodza magazi chaka chathunthu chifukwa chosambira m'dambo.

Limbani: Achimwene mwatola ndiwo zaulere, inu mukufunsanso? Anyezi, tomato, kamchere, nkhani yatha

Mayi Nambewe: Iwe Limbani usamachite nthabwala ndi matenda.

Chikondi: Moni amayi, moni nonse. Ndangotuluka m'kalasi, ndiyankhe pang'onopang'ono. Amayi, mantha anuwo ndi oona koma olakwa si awa. Likodzo limadzera mu tinkhono ting'onoting'ono tachigoba chimodzi chopiringizika, tija timakwawa pa udzu ndi pa masamba a m'madzi. Mitundu yake ndi Bulinus, imene imafalitsa likodzo la m'chikhodzodzo, ndi Biomphalaria, ya likodzo la m'matumbo. Izi za achimwene a Yohane ndi nkhono zazigoba ziwiri, zotseka ngati chitseko, zimene Azungu amati mussel. Tizilombo ta likodzo sitikhala mwa izi. Chimene ndingaope ine ndi madzi amene achimwene anapondamo potola, chifukwa tinkhono tinato timakonda malo omwewo a madzi odekha.

Yohane: Ndinavala magambutsi achemwali, musadandaule.

Bambo Phiri: Ndaziona zithunzi, mdzukulu wandikulitsira pa foni. Mwandikumbutsa kutali ana inu. Ine ndinakulira kwa agogo anga aakazi ku Nkhotakota, kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, bambo ali kuno ku Salisbury, Harare ya lero, pa ntchito. Zigoba zoterezi zinali m'nyumba iliyonse. Agogo ankapalira nkhoko mumphika ndi chigoba, ndipo chinali chitadyeka mbali imodzi chifukwa cha kupala kwa zaka. Akamaumba mbiya, m'kati ankasalaza ndi chigoba chomwecho, dothi likadali lofewa. Ife anyamata tinkazifufuza ndi zala za kumapazi. Umangoyenda m'madzi ofika m'mawondo, n'kumapondaponda mumchenga, ukamva chinthu chosongoka chaima chilili, basi wapeza. Ukachizula chimakulavulira madzi kumaso, kenako n'kutseka gwa, ngakhale ndi chikhadabo sungatsegule.

Chikondi: Agogo, mwafotokoza bwino kuposa buku. Kuima chilili kuja ndiye kakhalidwe kake. Mbali yakutsogolo imakhala yokwiririka, yakumbuyo n'kusuzumira pang'ono pamwamba pa matope. Kumbuyoko kuli timabowo tiwiri, kena kolowetsa madzi, kena kotulutsa. Madzi akalowa amadutsa m'ziwalo zake zopumira, zimene zimagwiranso ntchito ya sefa: zimakola ndere zosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi tinyenyeswa ta zomera zoola, n'kupititsa kukamwa. Ilibe mutu, ilibe maso. Nkhono imodzi yaikulu imatha kusefa malita makumi angapo patsiku, ili phee pamalo amodzi.

Achimwene a Yohane, ndichitireniko kanthu kamodzi. Tengani chigoba chakufa, muyendetse chala m'kati pamene zigoba ziwirizo zimalumikizana. Mukumva timano kapena n'posalala?

Yohane: Dikirani

Yohane: Zikuluzikuluzi n'zosalala, palibe dzino ngakhale limodzi. Koma pali kena kakang'ono, kotalika ngati chala chachikulu, kobulungira, kameneko kali ndi timano tolumana ndithu.

Chikondi: Ndiye mwatola mabanja awiri. Zosalalazo ndi za banja la Iridinidae, lopezeka mu Africa muno mokha, ndipo kukula kwake ndi maonekedwe ake zikupita ku Chambardia wahlbergi. Mabuku akale amailemba kuti Aspatharia wahlbergi. Kakang'ono ka manoko ndi ka banja la Unionidae, ndipo m'mitsinje yathira mu Zambezi kamene kamapezeka kawirikawiri ndi Coelatura mossambicensis. Palinso ina yaitali yopyapyala ngati mpeni, ya mtundu wa Mutela, mukadzapitanso mudzayang'ane.

Limbani: Mayina ake ngati mankhwala a BP. Wahlbergi ndiye ndani, mfumu ya nkhono?

Chikondi: Johan August Wahlberg, wa ku Sweden, amene ankayenda kummwera kwa Africa kuno kutolera nyama, mbalame ndi zigoba n'kumatumiza kwawo. Amene anapereka dzinalo ndi Ferdinand Krauss mu 1848. Wahlberg yo anaphedwa ndi njovu imene anaivulaza, mu 1856, cha ku dziko limene lero ndi Botswana.

Limbani: Njovu inaweruza mlandu yokha

Che Jafali: Salaam nonse. Ine funso langa ndi ili, mwanangu Chikondi. Wanena kuti chinthuchi chilibe maso, chimangokhala phee. A Phiri akuti zili ku Bua. Kwathu ku Mangochi ndinkaziona m'mbali mwa Shire ndi ku Malombe. Yohane wazipeza kuno ku Manyame. Nanga chinthu chopanda miyendo chinafika bwanji malo onsewa? Ndipo madzi amapita kumunsi, sakwera phiri. Zikanakhala zongotengedwa ndi madzi bwenzi zonse zitathera ku nyanja yamchere ku Mozambique.

Bambo Phiri: Funso la munthu wamkulu limenelo.

Yohane: Koma zimayenda Che Jafali. Pamatope paja panali timizere ngati pamene mwana wakoka kamtengo, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse ndi kumene ndinkapeza yamoyo. Mizere yonse inkaloza kumadzi.

Chikondi: Zoona, ili ndi phazi limodzi la mnofu, looneka ngati lilime. Imalitulutsa, n'kulizika m'matope, n'kudzikoka. Koma ulendo wake ndi wa mamita ochepa, wongothawa dzuwa madzi akamaphwa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma iyi ayi, singathe mtunda wochoka ku Kariba kufika ku Norton, tauni ya pafupi ndi Darwendale. Yankho la funso la Che Jafali ndi nsomba.

Ndifotokoze mwaulemu poti pali akuluakulu. Yaimuna imangotulutsa mbewu yake m'madzi. Yaikazi, posefa madzi muja, imakokera mbewuyo m'kati, ndipo mazira amakhwimira m'ziwalo zake zopumira, mmene mumasanduka ngati thumba lolerera. Tiana tikatuluka timakhala tochuluka zedi, tating'ono ngati fumbi, ndipo sitingakule patokha. Kalikonse kayenera kupeza nsomba n'kuikakamira, apo ayi kamafa m'masiku ochepa. Ta banja la Unionidae timatchedwa glochidia: tili ndi tizigoba tiwiri tongoti kakasi, tikakhudza zipsepse kapena mopumira mwa nsomba, muja mofiira m'mbali mwa mutu, timaluma n'kutseka. Khungu la nsomba limakula n'kukakuta. Kamakhala mmenemo masiku kapena milungu, kakusintha thupi, kenako kamagwa pansi kali kankhono kenikeni. Pamene kagwere ndi pamene nsombayo yafika. Ngati nsomba inakwera mtsinje nthawi ya mvula kukaswa, ndiye kuti nkhono yakweranso mtsinje.

Bambo Phiri: Ha! Ndiye kuti mpasa ndi sanjika zija zinkakwera Bua zinkanyamula alendo osalipira?

Chikondi: Si nsomba iliyonse imalandira mtundu uliwonse agogo, pali nkhono zosankha kwambiri, pali zina zokwera chilichonse chadutsa. Koma njira yake ndi imeneyo.

Limbani: Ndamva tsopano. Izi ndi za Ulere! Agogo athu anabwera kuno pa malole a Ulere osalipira kobiri, kutsika pamene lole yaima, kumanga banja pompo. Nkhonozi ndi machona anzathu, Yohane usaziphike

Mayi Nambewe: Kkkk mwana uyu

Bambo Phiri: Usaseke, bambo anga anakweradi Ulere. Koma iwo anagwira ntchito m'mafamu a fodya, sanayamwe magazi a lole.

Chikondi: Pa kuyamwapo agogo mwalasa. Za banja la Iridinidae, ngati zazikulu za achimwenezi, tiana take n'tosiyana ndi glochidia. Amene anafotokoza bwino nkhaniyi ndi Geoffrey Fryer, yemwe uja anagwirapo ntchito yofufuza nsomba ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950 asanapite ku Jinja, ku Uganda. Kumeneko anatsatira moyo wa Mutela bourguignati ndipo anasindikiza zonse mu 1961. Kamwana kake kamatuluka ndi ulusi wautali kuposa thupi lake kambirimbiri, wothandiza kukodwa pa nsomba. Kakagwira, kamamera timachubu tolowa m'thupi la nsombayo, n'kumayamwa chakudya, kakukula kali lende pa kaphesi mpaka katakhala ndi chigoba chake, ndiye n'kuthothoka. Nsomba imene anaipeza itanyamula inali Barbus altianalis, ya banja limodzi ndi matemba athu koma yaikulu.

Umboni wapafupi ndi Kariba. Khoma la damu la Kariba pa Zambezi linatsekedwa kumapeto kwa 1958, ndipo pansi pa nyanjayo panali tchire, minda ndi midzi ya Atonga. Patangotha zaka makumi awiri, pansi pomwepo panali patadzaza nkhono, moti Dale Kenmuir anachita kafukufuku wathunthu wa nkhono za mu Kariba ndi mu Lake McIlwaine, amene anamaliza mu 1980. Nkhono sizinakwawe kuchoka mu mtsinje wakale kufika m'magombe atsopano. Zinanyamulidwa.

Che Jafali: McIlwaine si Chivero yomweyi?

Chikondi: Yomweyo Che Jafali, dzina lakale. Damu lake ndi la 1952, pa Manyame yemweyo, pamene ankalembedwa kuti Hunyani. Darwendale ndi ya 1976, kumunsi kwake.

A Gondwe: Pepani ndidule pang'ono. Chopereka cha maliro cha mwezi uno chatsala mabanja asanu ndi limodzi. Loweruka tikumana ku Mbare nthawi yomwe ija. Pitirizani za nkhono, ine ndikuwerenga.

Che Jafali: Zikomo a Gondwe, langa ndibweretsa. Mwanangu, ndiye za kuno ndi za kwathu ndi mtundu umodzi?

Chikondi: Zina inde, zina ayi. Tsatirani madzi. Manyame amachoka kuno, kudutsa Chinhoyi, kulowa mu Mozambique n'kukathira mu Zambezi kumtunda kwa Cahora Bassa. Shire amachoka ku Mangochi, kudutsa Liwonde, Chikwawa, Nsanje, n'kukathira mu Zambezi yemweyo kumunsi. Ndiye madzi amene mumachapira ku Highfield ndi a ku Malombe amakakumana. Chambardia wahlbergi yafalikira mu Zambezi, mu Limpopo ndi kummawa kwa Africa, ndipo abale ake a Chambardia amapezeka mpaka mu Nile ndi mu Niger.

Koma pali zotchinga. Nsomba ya ku Chikwawa singakwere mathithi a Kapichira ndi ena a pakati pa Shire. N'chifukwa chake nsomba za ku Lower Shire ndi za mtundu wa mu Zambezi, pamene kumtunda kuli za m'nyanja ya Malawi. Pamene nsomba yalephera, nkhono yalepheranso. Nyanja yathu ili ndi zakezake, monga Nyassunio nyassaensis ndi Mutela alata. Zimenezo anazipatsa mayina ndi Isaac Lea wa ku Philadelphia mu 1864, kuchokera pa zigoba zimene John Kirk anatola pa ulendo wa David Livingstone. Lea yo nyanjayo sanaione n'komwe, anangolandira zigoba.

Bambo Phiri: Chigoba cha agogo anga chopalira nkhoko chinali ndi dzina ku America ife osadziwa.

Che Jafali: Ku America komweko ine ndikudziwako mbali ya ntchito yanga. Pamene ndinkaphunzira utelala, abwana amene anandiphunzitsa anali ndi chitini cha mabatani akale ochotsa pa malaya a Azungu. Ena anali ozizira ukawaika patsaya, olemera, onyezimira ngati m'kati mwa chigoba cha Yohane, kumbuyo kwake kokhakhala. Ankati awa si pulasitiki, ndi chigoba, usawataye. Ukasita ndi simbi yamakala sasungunuka.

Chikondi: Ambiri a mtundu umenewo ankapangidwa ku Muscatine, m'mbali mwa Mississippi, kuyambira m'ma 1890. Ankavuula nkhono mumtsinje, kuboola zigoba timabwalotimabwalo, mpaka nkhono zinayamba kutha, kenako pulasitiki inalanda msika. Kumpoto kwa America kuli mitundu pafupifupi 300, kuposa kwina kulikonse, ndipo yambiri ili pangozi. Kuli ina, ya mtundu wa Lampsilis, imene yaikazi imatulutsa kamnofu kooneka ngati kansomba, kokhala ndi kadontho ngati diso, n'kumakagwedeza. Nsomba yaikulu ikabwera kudzameza, imalavuliridwa tiana m'kamwa.

Yohane: Ndiye kuti nkhono ikuwedza nsomba ndi nyambo? Amalume akamva zimenezi akomoka

Limbani: Koma tiyeni tikambe zandalama. Ngale zija za m'Baibulo si zimachoka mu zimenezi? Yohane tsegula zitatuzo, mwina tagona ndi chuma m'ndowa.

Chikondi: Ngale imapangika pamene kachinthu kalowa m'mnofu, nkhono n'kumakakuta ndi zonyezimira zomwe zija za m'kati mwa chigoba. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo zambiri zimakhala zokhota zopanda mtengo. Ku Scotland anthu anapha nkhono za mtundu wa Margaritifera margaritifera zosawerengeka pofuna ngale, mpaka boma linaletsa mu 1998. Imeneyo imatha kukhala zaka zoposa 100. Mungaphe gogo wa zaka zana chifukwa cha kamwala kosagulika.

Limbani: Chabwino, ngale ndasiya. Nayi nzeru ina, iyi ndi yeniyeni. Mwati imodzi imasefa malita makumi angapo patsiku. Madzi a pampopi kwathu ku Mufakose, akabwera, amabwera obiriwira ndi fungo. Bwanji osatola nkhonozi matani n'kukathira mu Chivero zikatiyeretsere madzi? Sizifuna magetsi, sizifuna mankhwala ogula ndi ndalama zakunja, sizinyanyala ntchito.

Mayi Nambewe: Apa ndiye walankhula zanzeru koyamba.

Chikondi: Ndikanakonda zikanatheka, koma ine ndikukana. Choyamba, nkhono sichotsa zoipa m'madzi n'kuzisowetsa. Zina imadya, zina imamata ndi mamina n'kuzitaya pansi, ndipo zitsulo zapoizoni ndi mabakiteriya zimatsalira m'thupi mwake. Chachiwiri, Chivero ili kumunsi kwa mzinda umene imaumwetsa. Zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale zimatsika ndi Mukuvisi, Marimba ndi Nyatsime usiku ndi usana. Zimenezo ndi manyowa a ndere ndi namasupuni. Ndere zikafa n'kumaola pansi, mpweya wa okosijeni umatha pansi pomwepo pamene nkhono imakhala, ndipo iyo singathawe ngati nsomba. Tiana take timafa msanga ndi amoniya wa m'zonyansa, ngakhale wochepa woti nsomba n'kupirira. Mukumbukira Disembala 2024, zipembere zinayi zinafa ku Chivero zitamwa madzi a ndere zapoizoni, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi. Madzi opha chipembere mukathiremo nkhono? Mungokhala mwazisamutsira kumanda. Atseke kaye kumene zonyansa zikulowera, nkhono zidzabwerera zokha pamsana pa nsomba.

Limbani: Ndiye kudya nakonso ayi?

Chikondi: Za mu Manyame kumunsi kwa Harare ine sindingadye, ndipo mwana sindingamupatse. Chilichonse chimene mzinda wataya chadutsa m'thupi mwake zaka zonse imene yakhala pamenepo.

Bambo Phiri: Kwathu sitinkadya ife, tinkasiyira akatumbu. M'mawa umapeza kamulu ka zigoba zoswekasweka pamwala, wadziwa kuti katumbu anachita phwando usiku. Kunalinso mbalame ija yakuda, yaitali miyendo, imene mlomo wake sutsekeka pakati. Imeneyo inkazula n'kukaziyanika padzuwa kuti zitsegule zokha.

Mayi Nambewe: Koma ine chikundivutabe n'chakuti Yohane akuti matope anali ouma ong'aluka. Zamoyozo zinapulumuka bwanji?

Yohane: Ziwiri zinali m'mphepete mwa madzi amayi. Koma yaikuluyo ndinaikumba pouma ndithu, pansi pa chigamba cha dothi, mozama ngati chikhato. Ndinkayesa yakufa, koma inali yolemera ndipo yotseka. Nditaiika m'ndowa panatuluka tithovu.

Chikondi: Ndiye luso la banja limeneli. Mitsinje yambiri kuno imaphwa chilimwe chilichonse, ndiye Chambardia imadzikwirira m'matope, kutseka zigoba ndi madzi ake m'kati, n'kuchepetsa kupuma, kudikira mvula. Imatha miyezi yambiri chomwecho. Chigoba chake chochindikala chija chimathandiza. Zopyapyala ngati Mutela sizipirira motero, ndipo nthawi zambiri zigoba zopanda kanthu zimene mumapeza madzi akaphwa mwadzidzidzi zimakhala za zoterezo.

Achimwene, yang'anani kunja kwa chigoba, muona mizere yozungulira ngati ya m'chitsa cha mtengo. Yozama kwambiriyo ndi pamene inasiya kukula, nthawi yozizira kapena ya chilala. Musawerenge ngati kalendala, chifukwa madzi akaphwa kawiri chaka chimodzi mizere imakhalanso iwiri. Koma funso langa lalikulu ndi ili: mwa zamoyo ndi zakufa zonse za mtundu waukuluwo, munaonako zazing'ono, zonga ndalama yachitsulo?

Yohane: Ayi. Zonse zinali zazikulu, zofanana misinkhu. Kakang'ono ndi kaja ka mano kokha.

Chikondi: Zazing'ono zimabisala mozama ndipo ndi zovuta kuona, ndiye ulendo umodzi sungatiuze zonse. Koma pamene papezeka nkhalamba zokhazokha pamafunika kuyang'anitsitsa. Zazikulu zimapirira madzi oipa zaka zambiri, anthu n'kumati nkhono zilipo, chonsecho kubereka kunaima kale, mwina chifukwa tiana tikufa, mwina chifukwa nsomba yonyamula inatha ndi maukonde a udzudzu kapena yatsekeredwa kuseri kwa damu. Mukadzapitanso, tengani sefa yakale ya ufa, mukumbe matope a m'mphepete mwa madzi malo angapo, musefe. Mundijambulire chilichonse chotsala pa sefapo, pambali muike bokosi la machesi kuti ndione kukula.

Mayi Nambewe: Sefa imeneyo isabwererenso kukhitchini, mwamva a Yohane? Mkazi wanu ndimuuza ndekha.

Yohane: Ndamva amayi kkkk

Yohane: Mwadzuka bwanji nonse. Usiku ndinachita zimene achemwali a Chikondi anandiuza kumbali. Mabotolo awiri odula pakamwa, madzi amatope a mumtsinje omwe aja, limodzi ndaikamo nkhono yaikulu, lina lopanda. Mmene timagona onse anali ofanana. M'mawa uno la nkhono likuoneka mbuu pang'ono pokha, mpaka ndikuwerenga zolemba za pa paketi ya shuga kuseri kwake, linalo likadali ngati thobwa. Pansi pali timibulu ta matope tomatana. Ndipo inatulutsa lilime lija, loyera, lalitali ngati chala. Mwana wanga wamkazi anagogoda botolo ndi supuni, inabweza n'kutseka, iye kulira kuti yakwiya.

Che Jafali: Chithunzi cha mabotolowo ndaonetsa makasitomala awiri kale pano.

Chikondi: Musaisunge m'botolo kupitirira lero achimwene, mpweya utha. Zibwezereni m'ndowa ndi madzi a mumtsinje, pamthunzi, osathiramo a pampopi chifukwa klorini imazipha. Pobweza ku Manyame musaziponye pakati. Zikhazikeni chogona pamatope, m'madzi ofika m'mawondo, zidzadzikwirira zokha.

Yohane: Loweruka ndili ku Mbare kwa a Gondwe, ndiye ndipita Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Vuto ndi amalume, aona kale ndowayo ndipo akuti yaikuluyo ndi milamba itatu.

Bambo Phiri: Uwauze kuti a Phiri a ku Mbare agula zitatu zonsezo, ndalama akalandire Loweruka. Koma chigoba chimodzi chakufa, chachikulu chosasweka, undibweretsere. Ndikufuna adzukulu aone chimene tinkapalira nkhoko.